Kosi yabwino ndi imene mwana angathe kuimaliza

Chaka chilichonse, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka ku MANEB, khonde la nyumba yanga kuno ku Mangochi limasanduka ofesi. Ana amene ndinawaphunzitsa amabwera, ena wapansi kuchokera kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ena pa kabaza kuchokera ku Malindi, ndipo pafupifupi onse amafika ndi funso limodzi lakuti, “Aphunzitsi, ndilembe kosi yanji?” Kawirikawiri mwanayo sabwera yekha. Pambali pake pamakhala mayi ake kapena amalume ake, ndipo tikatha kulonjerana, wamkuluyo ndiye amaliwongola funsolo: “Tiuzeni imene ili ndi ndalama, aphunzitsi, poti ife za sukuluzi sitizidziwa.” Funso limeneli sindilinyoza ayi, pakuti wolifunsayo ndi munthu amene wakhala akuyanika usipa pathandala kapena kugulitsa mpunga zaka zinayi zathunthu kuti mwana afike pamenepa. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuliyankha, ndaona kuti pali funso lina loyenera kutsogola, limene sindilimva kawirikawiri pakhonde pano: kodi kosi tikusankhayi, mwanayu adzaimaliza?

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe ndi mmene mwana amapezera malo ku yunivesite ya boma. Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene timamva m’mudzi, akuti mwana wa auje wapeza 14, amabwera powonkhetsa magiredi a maphunziro 6 amene mwanayo wakhoza bwino koposa, n’chifukwa chake otsikitsitsa ndi 6. Wofuna digiri ayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Komatu kukwanitsa zimenezi kumangomulola munthu kuima pamzere, sikumupatsa malo.

Mayunivesite a boma alipo 6, ndipo makolo ambiri amawadziwabe ndi mayina akale. University of Malawi, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965, inagawidwa mu 2021: Chancellor College ya ku Zomba inatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic ya ku Blantyre inakhala MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n’kukhala KUHeS. Bunda inali itapatuka kale mu 2012 n’kukhala LUANAR. Kumpoto kuli Mzuzu University, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndipo ku Thyolo kuli MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Wofuna malo m’masukulu amenewa amadzera ku National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo anthu amangolitchula kuti NCHE. Mwana amalemba makosi angapo pa fomu imodzi, kuyambira imene akuifuna koposa, ndipo kuyambira pamene boma linalengeza mu 2020 kuti lathetsa dongosolo la kota, logawa malo potengera boma limene mwana akuchokera, mwana wa ku Makanjira amapikisana ndi anzake a dziko lonse, kuphatikizapo amene anaphunzira m’masukulu ogonera komweko okhala ndi mabuku ndi zipangizo zokwanira.

Chimene ambiri sachidziwa n’chakuti posankha, sayang’ana mapointi onse pamodzi pokha. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Ya udokotala imayang’ana Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Ya uinjiniya imatsamira pa masamu ndi Physics. Makosi a zilankhulo ndi mbiri ali ndi zawonso. Ndiye kuti kusankha kosi kumayamba kale mwana ali mu Fomu 3, tsiku limene anasiya Chemistry chifukwa anzake onse anasiya, kapena chifukwa pasukulu pake panalibe woiphunzitsa. Masukulu ambiri oyendera a m’boma lino, amene timawatcha ma CDSS, alibe labu, moti mwana amafika pa mayeso atangoona chithunzi cha chipangizo m’buku osachigwirapo. Mwana wotere akadzaza fomu yonse ndi udokotala, za mankhwala ndi uinjiniya, pamene magiredi ake abwino ali pa Geography, Agriculture ndi Chichewa, amakhala wataya chaka, chifukwa dzina lake silituluka paliponse.

Pali kulakwitsa kwina kotsutsana ndi kumeneku, ndipo ine ndimakuopa kwambiri. Mwana amaganizira mofatsa kosi yoyamba ndi yachiwiri, kenaka mipata yotsalayo amangodzazamo chilichonse kuti fomu ithe. Chaka china ndinakhala pamkeka ndi mtsikana wina wochokera ku Namwera, foni yake yosweka galasi ili m’manja, tikudikira netiweki kuti tsamba la NCHE litseguke. Nditaona kosi imene anaika kumapeto, ndinamufunsa kuti, “Mwanangu, kosi iyi amaphunziramo chiyani?” Anayankha kuti, “Kaya, aphunzitsi, koma dzina lake likumveka bwino.” Tinaifufuza limodzi n’kupeza kuti zaka ziwiri zoyambirira zinali masamu okhaokha, phunziro limene iye ankalithawa kuyambira Fomu 1. Akanasankhidwa kumeneko, ng’oma zikanalira kwawo, koma chisangalalocho chikanakhala chikomekome cha mkuyu. Kosi iliyonse yolembedwa pa fomuyo ndi kosi imene mwana angapatsidwe, ndipo kusintha akafika kusukulu sikophweka monga ambiri amaganizira, chifukwa malo m’kosi iliyonse amakhala owerengeka.

Tsono za funso la ndalama lija. Makosi alipo a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n’kofunika kuposa kutchuka kwa mayina awo. Ena amatsegula khomo la ntchito imodzi yotetezedwa ndi lamulo, imene munthu sangaigwire popanda pepala lake lenilenilo. Wofuna kukhala dokotala amachita chaka chokonzekera ndi zaka zina zisanu, kenaka amagwira ntchito moyang’aniridwa m’chipatala, ndipo ayenera kulembedwa m’kaundula wa Medical Council of Malawi. Namwino ndi mzamba amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Wowerengera chuma amene akufuna kufika pamwamba amadzera ku ICAM, bungwe la akatswiri owerengera chuma, ndipo ngakhale za malamulo ku Zomba, kwa zaka zambiri njira yake yakhala yoti munthu ayambe waonetsa kukhoza m’kosi ina asanaloledwe. Pa ntchito zimenezi, kosi ndiyo zonse. Koma makosi ena ambiri, monga a zachuma, za chikhalidwe cha anthu, za chitukuko, za zilankhulo ndi za ulimi, samangirira munthu pa ntchito imodzi. Mukalowa m’mabanki, m’maofesi a khonsolo ndi m’mabungwe amene si aboma, mupeza amene anaphunzira uphunzitsi akuyendetsa ntchito za chitukuko, ndi amene anaphunzira ulimi akupereka ngongole. Olemba ntchito ambiri amayamba afunsa ngati munthu ali ndi digiri, za kosi n’kubwera pambuyo.

Ife a kunyanja tilinso ndi chizolowezi chonyoza zimene tili nazo pafupi. Mwana wa msodzi ukamuuza za kosi ya nsomba ku Bunda kapena ku Mzuzu, amakuyang’ana ngati wamutukwana, poti iye akufuna sukulu yomuchotsa m’fungo la usipa. Chikhalirecho chambo cha m’nyanja ya Malombe chinachepa koopsa kuyambira m’zaka za m’ma 1990, ndipo anthu ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, oweta nsomba m’madamu ndi m’zikwere, ndiponso oyang’anira malo otetezedwa a ku Cape Maclear, amene UNESCO inawaika m’kaundula wake mu 1984, onsewa amafunika maphunziro. Mwana amene anakulira m’bwato, amene amadziwa mwera ndi mpoto, amene angalankhule ndi asodzi m’Chiyao ndi m’Chichewa, amayamba kosi imeneyi ali patsogolo pa anzake a m’tauni. Chimodzimodzinso za alendo okaona malo, zimene amaphunzitsa ku Mzuzu: mahotela ali m’mbali mwa nyanja yathu yomweyi. Sindikunena kuti mwana aliyense wa ku Mangochi aphunzire za nsomba, ayi, koma kuti kosi imene munthu amaimvetsa ndi kuikonda ndi imene amatha kuipirira zinthu zikathina m’chaka chachitatu.

Amene sanapeze malo ku boma amayang’ana ku mayunivesite omwe si aboma, ndipo konkuno ku Mangochi tili ndi DMI St John the Baptist University. Kulikonse kumene mwana angapite, kholo lisapereke tambala lisanaone mndandanda umene NCHE imatulutsa wa masukulu olembetsedwa ndi makosi ovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene kosi ina mkati mwake sinavomerezedwe. Safunsa anadya phula.

Kupeza malo ndi chiyambi chabe, ndipo mavuto enieni amayambira pamenepo. Banja likamakonzekera, limawerengera fizi yokha, n’kuiwala kuti ophunzira ambiri masiku ano sagona m’mahositelo a sukulu koma amachita lendi m’makomboni oyandikana nayo, ndipo amadzigulira chakudya, makala, sopo, bandulo ya intaneti, mapepala, osanenanso za laputopu ndi thiransipoti yopita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti mwana amene analowa ndi bajeti ina m’chaka choyamba anapeza kuti pofika chaka chachitatu ndalama yomweyo sifika pakati pa mwezi. Ndalama za mabanja ambiri kuno zimadalira nyengo: nsomba zikagwidwa zilipo, mwera ukawomba palibe, achimwene a ku Joni akagwira ntchito amatumiza, ntchito ikatha foni yawo siipezeka. Koma digiri imafuna ndalama zosadukiza kwa zaka zinayi, uinjiniya zisanu, udokotala zisanu ndi chimodzi. Kutalika kwa kosi ndi kutalika kwa ulendo wopita kusukuluyo n’zoyenera kuziika pa sikelo tsiku lodzaza fomu lomwelo.

Boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students’ Loans and Grants Board mu 2015 kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndipo lathandiza ambiri amene akanabwerera kumudzi. Ophunzira amangoti loni. Koma loni si mphatso, ndipo si onse opempha amene amalandira. Ngongoleyo siifafanizika chifukwa choti wobwereka anasiyira sukulu panjira, moti wosamaliza amasenza katundu pawiri: alibe pepala, komanso ali ndi ngongole imene anayenera kudzaibweza ndi malipiro a pepalalo.

Enanso amachoka chifukwa cha maphunziro enieniwo. Wolephera phunziro amapatsidwa mayeso obwereza amene ophunzira amawatcha sapu, akalepheranso amabwereza chaka, ndipo zikapitirira amachotsedwa, kumene iwo amati kuwididwa. Ambiri mwa ana amene ndinawaona akubwerera motere sanali ofooka m’mutu. Anali m’kosi yosayenerana nawo, imene anawasankhira ndi ena.

Nkhani imeneyi ndikuidziwa ndi ya m’nyumba mwathu momwe. Mwana wa mlongo wanga anakhoza bwino Fomu 4, ndipo mtima wake unali pa uphunzitsi wa zilankhulo. Ife amalume ake tinakhala pansi n’kugamula kuti mwana wanzeru chotere sangakhale mphunzitsi, ndipo ine, mphunzitsi, ndinali mmodzi mwa olankhula mokweza. Analemba kosi ya sayansi, anasankhidwa ku yunivesite ina ya boma, tinapha mbuzi. Chaka choyamba anadutsa ndi masapu awiri. Pa tchuthi cha chaka chachiwiri anapeza mnzake amene anasiya sukulu mu Fomu 2 atabwera kuchokera ku Johannesburg, atagula njinga yamoto ndiponso akumanga nyumba ya malata, pamene iye ankapempha mayi ake ndalama ya sopo. Sanauze aliyense. Tinangomva kuti wawoloka ku Tete, ali pa ulendo wa ku Beitbridge. Kusukulu sanalembeko kalata iliyonse, anangosowa.

Patapita zaka zitatu anabwerera wopanda kanthu kooneka. Tsiku lina anabwera pakhonde pano atanyamula jumbo, ndipo anatulutsamo kalata yomuitana ku yunivesite, chitupa chake cha sukulu chokhala ndi chithunzi chake akadali ndi masaya, ndi mapepala a zotsatira za masemesita atatu, atayamba kufiira m’mphepete. Anali atachokera kofunsira ntchito ku bungwe lina, kumene kalaliki anawerenga mapepala onsewo mwaulemu n’kulemba pa mzere wa maphunziro kuti MSCE. Anandifunsa kuti, “Amalume, ndiye kuti chaka ndi theka chija sichiwerengedwa?” Ndinayang’ana pansi kwa nthawi ndisanamuyankhe.

Yankho lake n’lakuti sichiwerengedwa, ndipo n’kofunika kumvetsa chifukwa chake. Munthu amene wamanga nyumba mpaka pawindo ali ndi njerwa zoti angagulitse, ndipo amene walima theka la munda adzakolola theka. Digiri siili choncho. Makosi ambiri a digiri sapereka pepala lililonse pakati pa njira, kotero kuti mtengo wonse wa zaka zinayi umabwera tsiku limodzi, lomaliza. Wolemba ntchito amakhala ndi makalata mazana pa tebulo, ndipo alibe nthawi yoyeza zimene aliyense akudziwa. Amayamba wapatula amene ali ndi digiri ndi amene alibe. Kwa iye pepalalo silingonena kuti munthuyu anaphunzira zakutizakuti, limanenanso kuti anayamba chinthu chovuta n’kuchifikitsa kumapeto, anapirira njala ya m’semesita, mphunzitsi wovuta ndi kafukufuku wa chaka chomaliza. M’boma nkhaniyi inachita kulembedwa: wa digiri amayambira ntchito pa giredi I, imene akuluakulu amaitchabe PO (Professional Officer), ndipo wopanda digiri, ngakhale anatsala ndi semesita imodzi, sangayambire pamenepo. Maphunziro apamwamba a digiri yachiwiri, pamodzi ndi thandizo lokaphunzira kunja, nazonso zimafuna digiri yoyamba yomalizidwa.

Ndikudziwa zimene achinyamata a pa siteji ya njinga amanena, ndipo sanama kotheratu. Amaloza anzawo amene anavala gauni zaka zitatu zapitazo koma mpaka lero akuyenda ndi envulopu, ena akuphunzitsa m’masukulu a pulayiveti pa malipiro osakwana lendi. Ntchito m’dziko muno n’zochepa kuyerekeza ndi omaliza maphunziro, ndipo ndingakhale wabodza nditauza kholo kuti digiri ndi ntchito. Komabe ndikayerekeza ana anga awiri, wina womaliza amene akudikira, wina wosiyira panjira amene akudikiranso, kudikira kwawo n’kosiyana. Woyamba nyuzipepala ikatulutsa ntchito amalemba kalata, ndipo pepala lake silivunda ngakhale patapita zaka khumi. Wachiwiri amawerenga mzere woyamba wa zofunika n’kupinda nyuzipepala. Ndipo ulendo wa ku Joni suthawa: womaliza angapitebe ngati afuna, pamene wosiya sukulu chifukwa cha ulendowo kawirikawiri malo ake sawapezanso.

Kwa atsikana, chowachotsa nthawi zambiri ndi banja kapena pathupi. Mwamuna amene ali kunja amatumiza mawu kwa akuluakulu, amalonjeza kuti adzalipira fizi yotsala, ndipo banja lotopa ndi ngongole limavomera mwamsanga. Lonjezo lotere limakwaniritsidwa nthawi zina, koma ndaona ambiri amene ukwati utangomangidwa anauzidwa kuti sukulu idikire kaye, ndipo ikudikirabe. Makolo adziwe kuti kukhala ndi pathupi si mapeto a digiri. Mayunivesite ali ndi malamulo olola wophunzira kupempha kupuma kwa kanthawi pa zifukwa za matenda, uchembere kapena kusowa ndalama, n’kumusungira malo. Chofunika n’kulemba kalata ku ofesi ya kaundula wa sukulu munthu asanachoke, n’kusunga yankho lake. Kusiyana kwa wopuma ndi wothawa ndi pepala limodzi limenelo, ndipo mwana wa mlongo wanga akanalilemba, mwina nkhani yake ikanakhala ina.

N’chifukwa chake banja limene likuona kuti zaka zinayi silingazikwanitse lisachite manyazi kuyamba ndi njira yaifupi. Dipuloma ya uphunzitsi ku Domasi, ya zaumoyo ku Malawi College of Health Sciences, maphunziro a nsomba ku Malawi College of Fisheries pa Mpwepwe pompano, kapena luso la manja kudzera ku TEVETA, zonsezi zimapereka pepala lathunthu m’nthawi yocheperako. Wokhala ndi dipuloma angagwire ntchito n’kudzabwerera ku yunivesite ngati wophunzira wamkulu, kapena kuphunzira ali kunyumba kudzera m’maphunziro a patali amene Mzuzu University ndi LUANAR amapereka, akudzilipirira yekha. Aphunzitsi anzanga ambiri a digiri anadzera njira imeneyi, ena ali ndi ana kale. Tsokonombwe anatha mtunda n’kudumpha.

Masiku ano mwana akabwera pakhonde, fomu sitiyamba nayo. Ndimamufunsa phunziro limene ankawerenga popanda womukakamiza, ndimayang’ana magiredi ake phunziro ndi phunziro, ndipo tikapeza makosi atatu kapena anayi, timafufuza zimene amaphunziramo chaka chilichonse, ngati n’kotheka timaimbira foni wina amene ali m’kosiyo. Kenaka ndimatembenukira kwa wamkulu amene wabwera naye n’kumupempha kuti titchule mayina a anthu amene adzalipire, osati chaka choyamba chokha, pamene aliyense ali ndi chimwemwe, koma chachitatu ndi chachinayi, ndiponso amene adzalowe m’malo ngati woyambayo atadwala kapena ntchito itamuthera. Ena amakhumudwa ndi mafunso amenewa, amati ndikulodza mwana. Ndimawafotokozera za jumbo ija.

Mwini jumboyo tsopano ali ndi zaka 27. Pakati pa sabata amayendetsa njinga yamoto ya munthu wina pakati pa msika wa Mangochi ndi chipatala, ndipo madzulo amawerenga. Analembetsa dipuloma ya uphunzitsi wa zilankhulo, imene ankaifuna poyamba paja, ndipo fizi ya semesita yoyamba tinasonkha amalume ake omwe aja.